Mtengo wa Maphunziro ndi Kasankhidwe ka Ophunzira m'Mayunivesite Otchuka a Katolika ku United States

M'dziko la United States muli sukulu za ukachenjede za Mpingo wa Katolika zoposa 200, ndipo zambiri mwa izo ndi zazing'ono, zachuma chochepa, zolandira ambiri mwa achinyamata amene afunsira malo. Koma pamwamba pa zonsezi pali kagulu kochepa, kamene mayina ake odziwika ndi Notre Dame ya m'chigawo cha Indiana, Georgetown ya mumzinda wa Washington ndi Boston College ya ku Massachusetts, ndipo kaguluka kamalimbirana ophunzira, aphunzitsi ndi chuma ndi mayunivesite omveka kwambiri m'dzikomo. M'zaka zaposachedwapa Notre Dame ndi Georgetown zakhala zikusankha anthu apakati pa 9 ndi 13 okha mwa 100 alionse ofunsira malo, choncho malo amodzi m'sukuluzi ndi chinthu chosowa, chimene kagawidwe kake kamautsa mkangano. Mkanganowu uli ndi mafunso awiri amene kawirikawiri amasakanizidwa: loyamba ndi lakuti kodi mwana wa m'banja losapeza bwino angakwanitse kulipira, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi mwana woteroyo amapatsidwa mwayi wofanana ndi anzake pa nthawi yosankha. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti vuto lalikulu lili pa chipata cholowera kuposa ku ofesi yolipirira fizi, ngakhale kuti fizi ndi imene imamveka kwambiri m'manyuzipepala.

Mtengo wa maphunziro m'sukuluzi ndi woopsadi. Pofika chaka cha 2024, ndalama zonse zimene wophunzira mmodzi amafunika pa chaka m'mayunivesite atatuwa, kuphatikiza fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi mayendedwe, zinali zitadutsa madola 80,000, pamene banja lapakatikati ku America linapeza madola 80,610 m'chaka chonse cha 2023, msonkho usanachotsedwe. Kungoti mtengo wolembedwawo si umene aliyense amalipira, chifukwa sukuluzi zimatsata njira yothandiza wophunzira molingana ndi kusowa kwake: banja limalemba zimene limapeza ndi katundu amene lili naye pa fomu ya boma yotchedwa FAFSA ndi pa fomu ina yofunsa zambiri yotchedwa CSS Profile, yunivesite n'kuwerengetsa ndalama zimene banjalo lingathe kupereka, ndipo zotsalazo imazikwaniritsa ndi basale, ndi ntchito imene wophunzira amagwira pasukulupo, nthawi zinanso ndi ngongole. Pamwamba pa izi pali malonjezo awiri amene mayunivesite olemera amanyadira nawo. Loyamba, lotchedwa need-blind, ndi lakuti osankha ophunzira sayang'ana ngati munthu angathe kulipira kapena ayi. Lachiwiri ndi lakuti aliyense wosankhidwa adzathandizidwa pa kusowa konse kumene kwawerengedwa. Georgetown yakhala ikusunga malonjezo onse awiri kuyambira 1978, ndipo Boston College ndi Notre Dame nazonso zimawasunga kwa nzika za dzikolo.

Mphamvu yosungira malonjezo amenewa imachokera ku thumba la chuma chosungidwa, lotchedwa endowment, limene ndi mphatso za anthu akufuna kwabwino zimene yunivesite siziwononga koma imaziika m'masheya, m'nyumba ndi m'malonda ena ngati mpamba, n'kumagwiritsa ntchito gawo laling'ono, pafupifupi 4 kapena 5 pa 100, chaka chilichonse. Apa m'pamene sukulu zitatuzi zimasiyana kwambiri, chifukwa thumba la Notre Dame ndi loposa madola 15 biliyoni, pamene la Georgetown ndi la Boston College lililonse lili cha m'ma 3 kapena 4 biliyoni, ndipo onsewa ndi ochepa poyerekeza ndi la Harvard limene ladutsa 50 biliyoni. Notre Dame ilinso ndi kasupe wina wa ndalama amene anzake alibe, popeza kuyambira 1991 masewero ake a mpira wachimereka aonetsedwa pa kanema wa NBC, ndipo gawo lalikulu la ndalama za mgwirizanowo lakhala likupita ku basale. N'chifukwa chake sizinadabwitse kuti mu Seputembala 2024 mtsogoleri watsopano wa yunivesiteyi, Bambo Robert Dowd, analengeza kuti kuyambira 2025 thandizo la ophunzira ake silidzakhalanso ndi ngongole, ndiponso kuti ofunsira malo ochokera kunja kwa dzikolo adzasankhidwa mosayang'ana chuma chawo. Mfundo yachiwiriyi ndi yaikulu kwa wachinyamata wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, chifukwa m'mayunivesite ambiri a ku America mlendo amene wapempha thandizo lalikulu amachepetsa mwayi wake wosankhidwa mwa kupempha komweko.

Ngakhale zili choncho, kusowa kumene kumakwaniritsidwako amakuyeza ndi yunivesite yomwe, osati banja, ndipo muyeso wake umapweteka mabanja ena amene pa pepala amaoneka opeza bwino. Fomu ya CSS Profile imafunsa mtengo wa nyumba imene banja likukhalamo, imafunsa za kabizinesi kakang'ono ka makolo, ndipo pamene ukwati unatha imafunsanso zimene amapeza kholo limene linachoka pakhomo, ngakhale kholo limenelo litakhala kuti silitumiza kanthu. Bambo woyendetsa galimoto za katundu ndi mayi wogwira ntchito ya unamwino, amene anavutika zaka makumi awiri kulipira ngongole ya nyumba m'dera limene mitengo ya nyumba yakwera, angauzidwe kuti angathe kupereka ndalama zimene m'thumba mwawo mulibe, ndipo njira yotsala ndi kubwereka pogwiritsa nyumbayo ngati chikole. Madandaulo a mabanja oterewa ndi oona, koma iwo ali kale mkati mwa mpanda: mwana wawo wasankhidwa, ndipo akukambirana za mtengo.

Za amene ali kunja kwa mpanda zinaonekera poyera mu 2017, pamene gulu la akatswiri a zachuma lotsogoleredwa ndi Raj Chetty linaphatikiza kaundula wa msonkho wa makolo ndi kaundula wa sukulu za ana awo, ndipo nyuzipepala ya The New York Times inasindikiza zotsatira zake. Kafukufukuyu anapeza mayunivesite 38 amene anali ndi ophunzira ambiri ochokera m'mabanja a pamwamba penipeni, amene ndi 1 pa 100 ya mabanja onse ndipo amapeza madola oposa 630,000 pa chaka, kuposa ochokera m'mabanja onse a m'munsi amene ndi 60 pa 100. Ndipo Georgetown, Notre Dame ndi Boston College zonse zinali pa mndandandawo. Ku Georgetown ophunzira pafupifupi 21 mwa 100 alionse ankachokera m'kagulu ka olemeretsetsa aja, pamene ochokera m'mabanja a m'munsi sanafike 14. Ku Notre Dame anali 15 poyerekeza ndi 10. Chizindikiro china ndi chiwerengero cha olandira Pell Grant, thandizo losabweza limene boma lakhala likupereka kwa ophunzira osauka kuyambira m'ma 1970, lomwe mu 2024 silinkapitirira madola 7,395: m'dziko lonse pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu amalilandira, koma ku Georgetown ndi ku Notre Dame kwa zaka zambiri olilandira anali apakati pa 10 ndi 15 mwa 100. Yunivesite ingathe kuthandiza mowolowa manja wosauka aliyense amene yamusankha n'kukhalabe sukulu ya olemera, malinga ngati osauka osankhidwawo ndi owerengeka.

Ziwerengero zoterezi zimapezekanso ku mayunivesite ena otchuka osakhala a mpingo, koma zimaluma kwambiri ku sukulu za Katolika chifukwa cha mbiri yawo. Georgetown, imene inakhazikitsidwa ndi John Carroll mu 1789, ndi Boston College, ya mu 1863, ndi za chipani cha Ajezuwiti, chimene kuyambira pa koleji yake ya ku Messina mu 1548 chinkaphunzitsa mwaulere, kudalira mphatso za mafumu ndi za mizinda, kuti mwana wa mmisiri akhale pa benchi limodzi ndi mwana wa nduna. Ku America kunalibe mafumu opereka mphatso zotero, ndipo mu 1833 Papa Gregory XVI analola Ajezuwiti a kumeneko kuyamba kulipiritsa. Boston College inatsegulidwa kuti iphunzitse ana aamuna a anthu ochokera ku Ireland, amene ankagwira ntchito zotsika m'madoko ndi m'mafakitale ndipo ankanyozedwa ndi Apulotesitanti a mumzindawo. Notre Dame nayo, imene inayambitsidwa ndi Bambo Edward Sorin a chipani cha Holy Cross mu 1842, inakhala zaka zambiri ikulandira ana a alendo osauka. Zinthu zinasintha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene lamulo la GI Bill la mu 1944 linalipirira maphunziro asilikali obwerera kwawo, Akatolika n'kuyamba kukwera m'zamalamulo, m'zachipatala ndi m'malonda, mpaka mmodzi wa iwo, John F. Kennedy, anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1960. Mu 1955 wansembe wolemba mbiri John Tracy Ellis anadzudzula sukulu za Katolika kuti zinali zofooka pa nzeru ndi kafukufuku, ndipo atsogoleri ngati Bambo Theodore Hesburgh, amene anayendetsa Notre Dame kuyambira 1952 mpaka 1987, anatenga chidzudzulocho ngati ntchito ya moyo wawo. Anapambana, koma kafukufuku, malabotale ndi aphunzitsi otchuka zimafuna ndalama zambiri, ndipo kuyambira 1983, pamene magazini ya U.S. News & World Report inayamba kundandalika mayunivesite molingana ndi kupambana kwawo, chuma ndi kukana anthu ambiri zinasanduka zizindikiro za ulemerero.

M'zaka zomwezo chiphunzitso cha Mpingo chinkalowera kwina. Mu 1973, ku Valencia, mkulu wa Ajezuwiti Pedro Arrupe anauza anthu amene anaphunzira m'sukulu za chipanicho kuti sanaphunzitsidwe mokwanira za chilungamo, ndipo mu 1975 msonkhano waukulu wa chipanicho unagamula kuti kutumikira chikhulupiriro sikungalekanitsidwe ndi kulimbikitsa chilungamo. Maepiskopi a ku Latin America, pa msonkhano wa ku Puebla mu 1979, anakhazikitsa mfundo yoika osauka patsogolo. Ndipo mu 1990 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'chikalata cha Ex Corde Ecclesiae chokhudza mayunivesite a Katolika, analemba kuti sukuluzi ziyenera kufunafuna njira zoti maphunziro afikire onse amene angapindule nawo, makamaka osauka ndi a m'magulu amene akhala akumanidwa. Muyeso umene sukuluzi zikuyezedwa nawo suchokera kwa adani awo. Uli m'zikalata zawo zomwe, ndipo zimautchula pokopa ophunzira ndi popempha mphatso.

Mfundo yovuta kwambiri pa kasankhidwe ndi mwayi wapadera umene umaperekedwa kwa ana a anthu amene anaphunzira pa yunivesite yomweyo, umene umatchedwa legacy. Wolemba mbiri Jerome Karabel anasonyeza m'buku lake la mu 2005 kuti mwambowu unakhazikika ku Harvard, Yale ndi Princeton m'ma 1920, pamene sukuluzo zinkafuna kuchepetsa chiwerengero cha Ayuda amene ankakhoza bwino mayeso olowera, ndipo ana a Akatolika ochokera ku Ulaya nawo sankafunidwa m'malo amenewo. Lero Notre Dame ili m'gulu la mayunivesite otsata mwambowu kwambiri m'dziko lonse, popeza pafupifupi wophunzira mmodzi mwa asanu alionse ndi mwana wa munthu amene anaphunzira pomwepo, chinthu chimene mtolankhani Daniel Golden anachipatsa mutu wonse m'buku lake la mu 2006 lonena za mmene olemera amapezera malo. Ku Georgetown chiwerengerocho chili cha m'ma 10 pa 100.

Zifukwa zimene amapereka oikira kumbuyo mwambowu si zachabechabe, ndipo m'pofunika kuzimva bwino. Iwo amati yunivesite ya Katolika si fakitale yotulutsa madigiri koma ndi banja la chikhulupiriro limene limadutsa mibadwo, ndipo mwana amene anakula akupita ndi makolo ake ku Misa ya m'tchalitchi cha pasukulupo amabwera ndi chikondi ndi miyambo imene imasunga Chikatolika cha sukuluyo, pa nthawi imene mayunivesite ambiri amene anayambitsidwa ndi mipingo anataya chizindikiro chonse cha chipembedzo. Amatinso ana oterewa nthawi zambiri ndi okhoza bwino, ndi kuti makolo okondwa ndi amene amapereka mphatso zimene zimalipirira osauka. Aliyense amene anakulira kumene anthu amati chibale ndi fupa sichiola angamvetse kukoma kwa maganizo amenewa. Koma pamene malo ndi ochepa, kusankha wina chifukwa cha makolo ake ndi kukana wina chifukwa cha makolo akenso, ndipo wokanidwayo sadziwa n'komwe kuti anakanidwa pa chifukwa chimenecho. Kafukufuku wina wa Chetty, David Deming ndi John Friedman, wa mu 2023, amene anaunika mayunivesite 12 otchuka osakhala a mpingo, anapeza kuti mwana wa m'banja la olemeretsetsa anali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'sukuluzo poyerekeza ndi mwana wa m'banja lapakatikati wokhoza chimodzimodzi pa mayeso a SAT kapena ACT, ndi kuti pa kasankhidwe kusiyanako kunkachokera pa zinthu zitatu: mwayi wa ana a ophunzira akale, kulemekeza zochita za kunja kwa kalasi zimene sukulu zolipira zodula zimadziwa kuzikongoletsa, ndi malo osungidwira ochita masewero. Njira zitatu zonsezi zimagwiranso ntchito m'mayunivesite a Katolika otchuka.

Mfundo ya kusunga Chikatolika ndi imene imagwa msanga ikaunikidwa, chifukwa Akatolika a ku America a lero si zidzukulu za anthu a ku Ireland, Italy ndi Poland zokha. Oposa mmodzi mwa atatu alionse ndi ochokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Chisipanishi kapena ana awo, ndipo pakati pa achinyamata gawo lawo ndi lalikulu kuposa pamenepo. Palinso ochokera ku Philippines, Vietnam, Haiti, Nigeria ndi maiko ena a mu Africa. Awa ndi amene amadzaza matchalitchi a ku Los Angeles, Houston ndi Chicago, ndipo makolo awo ambiri sanapondeko pa yunivesite iliyonse. Ngati cholinga ndi kukhala ndi ophunzira achikatolika, iwo alipo ochuluka, ndipo moyo wawo ndi wofanana kwambiri ndi wa anyamata amene Boston College inawatsegulira zitseko mu 1864 kuposa moyo wa mwana wa loya wa ku New York amene agogo ake anaphunzira pomwepo. Chimene mwambo wa legacy umasunga ndi mabanja amene anakwera kale.

Nkhani ya Georgetown ndi akapolo ikuonetsa kuti yunivesite yomwe imadziwa kulemera kwa mwayi umenewu. Mu 1838 Ajezuwiti a ku Maryland, motsogoleredwa ndi ansembe Thomas Mulledy ndi William McSherry, anagulitsa anthu 272 amene ankawasunga mu ukapolo m'minda yawo, amuna, akazi ndi makanda, kwa eni minda awiri a ku Louisiana, Henry Johnson ndi Jesse Batey, pa mtengo wa madola 115,000, ndipo gawo la ndalamazo linalipira ngongole zimene zikanagwetsa kolejiyo. Dzina loyamba pa chikalata chogulitsira linali la Isaac Hawkins, nkhalamba ya zaka za m'ma 60, ndipo pansi pake panali mayina a ana ndi adzukulu ake. Mu 2016 mtsogoleri wa yunivesiteyo, John DeGioia, analengeza kuti zidzukulu za anthu amenewo zikafunsira malo zidzapatsidwa mwayi wofanana ndi umene ana a ophunzira akale amapatsidwa, ndipo mu 2017 nyumba imene inkatchedwa dzina la Mulledy inapatsidwa dzina la Hawkins. Kuchita zimenezi kunali koyenera. Koma mwayi umene ungaperekedwe ngati chipepeso cha mlandu waukulu chotere sungatchedwenso kanthu kakang'ono kongothandiza kusiyanitsa anthu awiri ofanana, monga mmene oikira kumbuyo mwambowu amanenera nthawi zina.

Nkhani ya opereka mphatso inafika kukhoti mu Januwale 2022, pamene ophunzira akale anasumira mayunivesite 16, amene pambuyo pake anakhala 17, kukhoti la boma ku Chicago, ndipo Georgetown ndi Notre Dame zinali m'gululo. Gwero la mlanduwu ndi gawo 568 la lamulo lina la maphunziro la mu 1994, limene linkalola mayunivesite kugwirizana pa njira imodzi yoyezera kusowa kwa ophunzira, chinthu chimene pa malonda ena chikanakhala mlandu wopangana mitengo, pokhapokha ngati onse ankasankha ophunzira mosayang'ana chuma. Odandaulawo anati sukuluzi zinkakondera ana a anthu olemera amene anapereka kapena akanatha kupereka mphatso zazikulu, choncho sizinali zoyenera chitetezo cha lamulolo, ndi kuti mgwirizano wawo unachepetsa thandizo la ophunzira. Pofika mu 2024 mayunivesite 10 anali atavomera kulipira madola 284 miliyoni onse pamodzi, osavomera kulakwa. Georgetown ndi Notre Dame panthawiyo zinakana kutero ndipo zinanenetsa kuti aliyense amene zinamusankha anali woyenera. Mu Disembala 2024 odandaulawo anapereka zikalata zimene anati zikusonyeza kuti ofesi ya mtsogoleri wa Georgetown inkatumiza kwa osankha mndandanda wa mayina pafupifupi 80 chaka chilichonse, ambiri a m'mabanja olemera, ndi kuti pafupifupi onse ankasankhidwa. Izi ndi zonena za mbali imodzi, koma zikuloza kufooka kwa lonjezo la need-blind: kusayang'ana umphawi wa wosauka si chimodzimodzi ndi kusayang'ana chuma cha wolemera. Gawo 568 linatha mphamvu mu Seputembala 2022 ndipo nyumba ya malamulo sinalikonzenso.

Mlandu wa ziphuphu umene unaululika mu 2019 ndi wamtundu wina, poti pamenepo yunivesite inali yoberedwa. Gordon Ernst, amene anali mphunzitsi wa tenisi ku Georgetown, analandira madola oposa 3 miliyoni, ambiri kudzera mwa mlangizi wa ophunzira Rick Singer, kuti alembe ana a anthu olemera ngati akatswiri a tenisi ofunika ku timu, ena mwa iwo osasewera n'komwe pa mlingo wa mpikisano, ndipo mu 2022 analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30. Chinyengochi chinatheka chifukwa khomo la ochita masewero linalipo kale, ndipo masewero ngati tenisi, gofu ndi kupalasa mabwato amaphunziridwa m'makalabu ndi m'sukulu zimene osauka safikako. Njira ina yokomera opeza bwino popanda kuswa lamulo ndi yotchedwa early decision, pamene wofunsira malo amalonjeza msanga kuti akasankhidwa sadzapita kwina, motero amataya ufulu woyerekeza thandizo la sukulu zosiyanasiyana, ufulu umene wosauka sangayerekeze kuutaya. Boston College inayamba njirayi mu 2019. Georgetown ndi Notre Dame zili ndi njira yofunsira msanga yosamanga munthu, ndipo pa mfundo imeneyi n'zoyamikirika.

Pa 29 Juni 2023 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Students for Fair Admissions ndi Harvard, linaletsa mayunivesite kuganizira mtundu kapena khungu la munthu posankha ophunzira. Georgetown inali itatsogolera sukulu za Katolika zoposa 50 kulembera khotilo kuti kuganizira mtundu kunali mbali ya ntchito yawo ya chipembedzo, ndipo chigamulocho chinazisiya pa malo ovuta, chifukwa mwayi wothandiza akuda ndi olankhula Chisipanishi unachotsedwa pamene mwayi wothandiza ana a ophunzira akale, amene ambiri ndi azungu opeza bwino, unatsala. Johns Hopkins ndi Amherst zinali zitasiya kale mwambo wa legacy. Chigawo cha Colorado chinauletsa m'sukulu za boma mu 2021, Virginia ndi Maryland zinatsatira mu 2024, ndipo lamulo la California, limene linayamba kugwira ntchito mu 2025, limakhudzanso sukulu zosakhala za boma, kuphatikizapo Santa Clara ya Ajezuwiti.

Chodzitchinjiriza nacho champhamvu kwambiri cha mayunivesitewa ndi masamu a ndalama, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Wophunzira amene amalipira mtengo wonse amathandiza kulipirira mnzake amene salipira, ndipo wosauka mmodzi wowonjezera amafuna madola oposa 300,000 pa zaka zinayi, ndalama zimene ziyenera kuchokera penapake. Mphatso zambiri za m'thumba losungidwa zinamangidwa ndi opereka ku ntchito zina, monga nyumba kapena mpando wa pulofesa, ndipo sizingasunthidwe mwachisawawa. Kwa Georgetown, imene thumba lake ndi laling'ono poyerekeza ndi kutchuka kwake, vutoli ndi lenileni. Kwa Notre Dame, imene ili m'gulu la mayunivesite olemera kwambiri padziko lonse, chifukwa chimenechi chilibe mphamvu yofanana, ndipo zimene inalengeza mu 2024 zikutsimikiza kuti ndalama zilipo pamene mtima wafuna. Chotsala ndi kuti kuwolowa manja komweko kufike pa kasankhidwe, pamene mtengo wake si ndalama zokha koma mkwiyo wa ophunzira akale amene ana awo adzakanidwe.

Pakadali pano ntchito yophunzitsa osauka ikugwiridwa kwambiri ndi sukulu za Katolika zopanda dzina lalikulu. Trinity Washington University, imene inayambitsidwa ndi asisiteri mu 1897 ndipo ili mumzinda womwewo ndi Georgetown, ambiri mwa ophunzira ake ndi akazi akuda ndi olankhula Chisipanishi olandira Pell Grant. Xavier University of Louisiana, imene inakhazikitsidwa ndi Katharine Drexel mu 1925, imadziwika potumiza akuda ambiri ku sukulu za udokotala. Ndipo sukulu za mtundu umenewu ndi zimene zikutsekedwa chifukwa cha kuchepa kwa ophunzira ndi ndalama, monga Cabrini University ndi College of Saint Rose, zimene zonse zinatseka mu 2024. Mayunivesite ena akuluakulu ayesa njira yachitatu, yotsegula makoleji a zaka ziwiri a ana a m'mabanja osauka: Loyola University Chicago inatsegula Arrupe College mu 2015, ndipo Boston College inatsegula Messina College mu 2024, pa malo amene kale anali a Pine Manor College, ndi ophunzira pafupifupi 100 amene makolo awo sanaphunzire ku yunivesite. Ophunzirawa amagona pasukulupo, amaphunzira m'makalasi aang'ono, amathandizidwa pa kusowa kwawo konse, ndipo okhoza bwino ali ndi mwayi wopitiriza digiri ya zaka zinayi. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo ikusintha miyoyo ya amene yawafikira, komabe anthu 100 ndi ochepa pafupi ndi oposa 2,000 amene amalowa chaka choyamba ku sukulu yaikulu ya Boston College ku Chestnut Hill, ndipo koleji yapadera ili ndi ngozi yakuti yunivesite ingasamale osauka pambali popanda kukhudza malamulo a pa chipata chachikulu. Phindu la Messina College lidzayezedwa ndi chiwerengero cha ophunzira ake amene adzawolokere ku sukulu yaikuluyo n'kumaliza digiri, ndiponso ndi malo amene sukulu yaikuluyo idzavomere kuwasungira chaka ndi chaka.